Chirunga: Sukulu ya M'tsinde mwa Phiri la Zomba

Anthu akamva za Chanco (Chancellor College) maganizo amathamangira ku Zomba, koma sukuluyi sinabadwire kumeneko. Inabadwira ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, m'nyumba zimene zinamangidwira ana a sekondale. Lamulo lokhazikitsa Yunivesite ya Malawi linadutsa mu Okutobala 1964, ndipo maphunziro anayamba pa 29 Sepitembala 1965 ndi ophunzira 90 okha. Dziko lonse, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ana 90. Woyendetsa sukuluyi tsiku ndi tsiku anali Dr Ian Michael wa ku Britain, koma mpando waukulu, wa chansala, unali wa Kamuzu Banda.

Nthawi imeneyo isanafike, Mmalawi wofuna digiri ankachita kuilondola kunja. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, Kanyama Chiume ndi David Rubadiri ku Makerere ku Uganda. Legson Kayira ndiye anayenda wapansi kuchokera kwawo kumpoto mpaka ku Sudan, kufuna njira yopitira kusukulu ku America. Koma taonani nyengo imene yunivesite yathuyi inabadwa. Mu Sepitembala 1964, kutatsala mwezi umodzi kuti lamulo lija lidutse, nduna zinayambana ndi Kamuzu. Chipembere, amene anali nduna ya zamaphunziro, anatula pansi udindo, ndipo iye, Chiume, Chirwa ndi anzawo anathera kuthawa m'dziko. Rubadiri, kazembe wathu ku America, naye anasiya ntchito n'kutsalira kunja. Pamene dziko linkatsegula khomo loti anthu ake aphunzire, ophunzira ochepa amene linali nawo kale ankatulukira khomo lina. Kamuzu anatolapo lake phunziro pa mkanganowo: munthu wophunzira ngofunika, koma si womutayirira. Zambiri za ku Chanco m'zaka 30 zoyambirira zinachokera pamenepo.

Pofika 1967 yunivesite inali itakolola makoleji ena: ya aphunzitsi ku Soche Hill, ya zaulamuliro ndi malamulo ku Mpemba, Polytechnic ku Ginnery Corner, ndi ya zaulimi ku Bunda. Mu 1973 a ku Chichiri, a ku Soche Hill ndi a ku Mpemba anamanga akatundu, ulendo wa ku Zomba, kukakhala pamodzi pamalo otchedwa Chirunga. Boma linali litagamula kale kuti likulu la dziko lisamukira ku Lilongwe, ndipo linasamukadi mu 1975. Zomba, tauni ya abwanamkubwa, ikanatsala ndi asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ndende ndi chipatala cha odwala misala. Koleji inabwera kudzapukuta misozi. Nyumba zimene ankakhala akuluakulu a boma m'mphepete mwa phiri analowamo aphunzitsi, ndipo msika wa Zomba unapeza ogula atsopano.

Amene anamanga Chirunga anaiganizira mvula ya ku Zomba. Nyumba zake n'zanjerwa zofiira, zosatalika kwenikweni, zolumikizidwa ndi makonde ofoleredwa, moti ukhoza kuchoka kulaibulale kukafika m'kalasi mvula ikukhuthuka osanyowa phewa. M'makonde amenewo ndimo munkachitikira moyo weniweni wa pakoleji. Zotsatira za mayeso ankamata m'menemo, zibwenzi zinkayambira ndi kuthera m'menemo, ndipo mtsikana wa chaka choyamba ankadziwira momwemo kuti pakamwa pa anyamata a pano palibe chitseko. Ukatukula maso phiri lili pamutu pako, m'mawa wa Juni litafunda nkhungu ya chiperoni, mu Okutobala likufuka utsi wa moto wolusa. Kukayera bwino, Mulanje amaoneka chapatali. Great Hall, holo yaikulu imene yakhala nkhope ya yunivesite pazithunzi zonse, inabwera pambuyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Isanamangidwe, anthu a zisudzo anali atadzikonzera kale bwalo lawo lapamtetete.

Mukakhala pansi ndi amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nkhani yoyamba sikhala ya mabuku. Ndi ya kukafi. Amakumbukira buledi, mazira ndi tiyi wamkaka m'mawa, nyama masana, ndi mzere wotalika tsiku la nkhuku. Chipinda chinali cha anthu awiri, iwe ndi mesho wako, ndipo boma linkaperekanso kandalama kogulira mabuku, komwe ena ankakagulira nsapato, ena n'kutumiza kumudzi. Mwana amene anakulira pamphasa, atapambana Fomu 4 ku Chaminade, ku Likuni kapena ku Blantyre Secondary School, ankamva dzina lake pa wailesi ya MBC mudzi wonse uli khutu tcheru, n'kukafikira pabedi la matiresi. Ntchito inkamudikira asanalembe mayeso omaliza. Chimene ankaopa chinali chimodzi: akalakwa mayeso amupatsa sapu, akalakwanso amuwida, abwerere kumudzi ndi sutikesi yake anthu akuona.

Komatu kudyako kunali kwa nkhuku yoweta m'khola, madeya osasowa, chitseko chili chotseka. Wapampando wa khonsolo ya yunivesite kwa zaka zambiri anali John Tembo, munthu wapamtima wa Kamuzu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yolekeza m'mwamba mwa maondo, ndipo mnyamata wosunga tsitsi lalitali ankadziputira lumo. Buku lililonse, sewero lililonse, zinkayenera kudutsa kubungwe lounika zolembedwa limene linakhazikitsidwa mu 1968. Zandale monga phunziro palokha sizinkaphunzitsidwa. Ankati ana aphunzire kayendetsedwe ka boma, osati kufunsa amene akuliyendetsa. Chimene Kamuzu ankachikonda chinali Chilatini ndi Chigiriki, ndipo dipatimenti yake inatsegulidwadi, woiyambitsa ali Caroline Alexander. Pamwambo wopereka madigiri mwini wake ankafika ndi chipewa ndi litchowa, mbumba ikuvina, n'kulankhula mpaka dzuwa kupendeka, nthawi zina akudzudzula mmene anthu ankalankhulira Chichewa, iye akulankhula Chingerezi.

Choopsa kuposa malamulo onsewa chinali chosaoneka. Aliyense ankadziwa kuti m'kalasi muli wina amene akumvetsera m'malo mwa apolisi, koma ndani? Mwina wokhala kumbuyo uja, mwina mesho wako yemwe. Mphunzitsi ankayamba wayeza mawu asanawatulutse. M'katikati mwa zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi ogwira ntchito angapo, makamaka ochokera kumpoto, anatengedwa n'kutsekeredwa popanda mlandu, ndipo mmodzi wa iwo anali mlakatuli Felix Mnthali. Mu 1983 apolisi anatenga ophunzira, pakati pawo Edge Kanyongolo, amene pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wa malamulo pakoleji pomwepo. Boma litayamba kusankha ana opita kuyunivesite potengera boma lochokera, ophunzira ena amene anadandaula m'kanyuzi kawo ka Chirunga Newsletter anachotsedwa sukulu mu 1988. Ndende ya Mikuyu sinali kutali. Ili m'boma la Zomba lomwelo, cha kudambo la ku Chilwa, ndipo aliyense ankaidziwa njira yake.

Chodabwitsa n'chakuti m'khola lomwelo ndimo munatuluka zolembalemba zimene Malawi amadziwika nazo kunja mpaka lero. Mu 1970, akadali ku Chichiri, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayamba kukumana sabata iliyonse madzulo. Anadzitcha Writers' Group. Munali Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, James Ng'ombe, ndi aphunzitsi monga David Kerr ndi Landeg White. Pambuyo pake kunabwera Steve Chimombo, Ken Lipenga ndi Anthony Nazombe. Kachitidwe kake kanali kosavuta. Wolemba ankagawa mapepala a ndakatulo kapena nthano yake, n'kuwerenga mokweza, kenako anzake n'kuyamba kuisenda mopanda chisoni. Chimene sankachita ndicho kunena poyera tanthauzo lake. Poti dzina la munthu silikanatchulika, anabwerera kunthano za agogo awo n'kukatenga nanzikambe, Kaphirintiwa, dzenje la Chingwe la pamwamba pa phiri, ndi Napolo, chinjoka chogumula mapiri chimene anthu a ku Zomba ankachikumbukira bwino chifukwa cha chigumula cha 1946. Chimombo analemba za Napolo moyo wake wonse. Kazitape wokhala pakona ankamva za mvula ndi zilombo, ena onse akumva zina.

Ndimaona kuti ulemu umene timapereka kwa gululi nthawi zina umatiiwalitsa mtengo wake. Ndakatulo zambiri za nthawiyo n'zolimba ngati mfundo, zolembedwa m'Chingerezi choti amve anthu ochepa, ndipo mayi wogulitsa nthochi pamsika wa Mpondabwino sizinkamufika. Amene anayesetsa kufika kwa anthu anali a Travelling Theatre. Poyamba ankayenda m'masukulu a sekondale ndi masewero a Chingerezi, koma m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr, anayamba kusewera m'zilankhulo zathu, m'midzi ya ku Mbalachanda ndi cha ku Liwonde, nkhani zake za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Sewero lopekera pabwalo pomwepo, anthu a m'mudzi akulowererapo, linalibe pepala loti ounika aja alidinde kapena kulikana. Mfumu inkatha kudzudzulidwa pamaso pa anthu ake, aliyense akuseka.

Kubisa mawu kunali ndi polekezera. White anathamangitsidwa m'dziko mu 1972, ndipo Chipasula anathawira ku Zambia. Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anamupeza ku Gymkhana Club, pakati pa tauni, ali mkulu wa dipatimenti yake. Anamumanga unyolo, anakasecha ofesi ndi nyumba yake, kenako ulendo wa ku Mikuyu. Sanamuuze mlandu, sanaonekere kukhothi, mpaka anatuluka mu Meyi 1991. Wansembe wa ku Ireland amene ankaphunzitsa naye, Bambo Patrick O'Malley, ndiye anathandiza kuti nkhaniyi imveke kunja. Nayenso anadzapirikitsidwa mu 1992.

Si onse ankalemba ndakatulo. A dipatimenti ya mbiri yakale ankatuma ophunzira kumidzi kwawo patchuthi kuti akakhale pansi ndi nkhalamba, alembe za mafumu, za nkhondo za Angoni, za msonkho ndi thangata. Zambiri zimene tikudziwa lero za Amaravi ndi za ufumu wa Angonde zinadutsa m'manja mwa anthu monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga, ndiponso m'timapepala ta ophunzira timene tinasungidwa mulaibulale. Centre for Social Research inayamba mu 1979. Bungwe la Chichewa Board litathetsedwa, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996, ndipo kumeneko ndiko kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. A zaumulungu nawo anayambitsa mabuku a Kachere, amene anasindikiza nkhani zoti kale ukanamangidwa nazo.

Chitseko chinathyoka mu Malichi 1992. Pa 8 mwezi umenewo kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo njoukira, ndipo wopezeka nayo amangidwe. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a ku Chirunga anatuluka pamsewu akuimba, kuikira kumbuyo maepiskopi. Anthu a mu Zomba anaima m'mbali mwa msewu kukamwa kuli yasa, poti chinthu chotere anali asanachionepo. Koleji inatsekedwa, ana anauzidwa kuti anyamule katundu, ndipo a ku Poly anatsatira. Boma linaiwala kuti kubalalitsa ana amenewa kunali kutumiza nkhaniyo m'boma lililonse la dziko lino pa basi. Mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege, mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Tisawayeretse kwambiri ana a ku Chirunga. Pakamwa patatseguka panatulukanso zonyansa. Mu 1995 aphunzitsi achizimayi, mmodzi wa iwo Isabel Apawo Phiri, anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti atsikana pakolejipo ankachitidwa chipongwe ndi kugwiriridwa. M'malo mochita manyazi, gulu la ophunzira linakagenda nyumba yake. Omwe ankaimba za ufulu wolankhula anakana kumva zonena za iwo eni. Kuzunza mayaro (a chaka choyamba), kutukwana anthu pamsewu pobwera kumpira, kuphwanya magalasi magetsi akazima, zonsezi zinalowa m'mbiri ya malowa, ndipo anthu a m'tauni ankati akaona basi ya koleji ankayamba apatuka. Apolisi nawo sanasinthe msanga. Mu Disembala 2001, pa zionetsero zimene zinabuka woimba Evison Matafale atafera m'manja mwa apolisi, wophunzira Fanikiso Phiri anawomberedwa, n'kumwalira.

Mzimu wa kazitape wa m'kalasi unadzukanso mu 2011. Mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinali zitasowa, anthu akugona pamizere ndi zigubu. Dr Blessings Chinsinga, pophunzitsa zandale, anapereka chitsanzo chakuti mavuto otere ndi amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Pa 12 Febuluwale mkulu wa apolisi m'dziko muno, Peter Mukhito, anamuitanitsa kuti akafotokoze. Funso la aphunzitsi linali limodzi: mawu a m'kalasi anafika bwanji kupolisi? Anakana kulowanso m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti zimenezi sizidzachitikanso. Bingu wa Mutharika, amene analinso chansala, ananenetsa kuti Mukhito sapepesa, ndipo nduna ya zamaphunziro inali mng'ono wake, Peter. Khonsolo inachotsa ntchito Chinsinga, Jessie Kabwila, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Kunali kuthamangira kukhothi kukatenga ziletso, aphunzitsi atavala zofiira, utsi wokhetsa misozi ukulowa mpaka m'mahositelo. Zinatenga pafupifupi miyezi isanu ndi itatu kuti boma ligonje, anayiwo abwerere pantchito. Ana anataya chaka, ndipo kalendala ya sukulu inasokonekera kwa zaka zingapo, moti digiri ya zaka zinayi ena anaitenga m'zaka zisanu kapena kuposa.

M'zaka zomwezo chinthu china chinkasintha mwakachetechete, ndipo kwa mwana wa lero n'chachikulu kuposa zonse ndafotokozazi. Mahositelo anamangidwira anthu mazana, koma ofuna malo anafika zikwi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 koleji inayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha, ogona kunja. Fizi ya olipiriridwa ndi boma inali K25,000, kenako inakwera kangapo. Kafi ija inasiya kudyetsa anthu ulere, ndalama ya m'thumba inathetsedwa, ndipo kuyambira 2015 wosauka amayang'ana kubungwe lobwereketsa ngongole kwa ophunzira. Ndi bwino kuti ambiri akuphunzira; dziko la anthu mamiliyoni ochuluka chonchi silikanakhalira ana ochepa odya mazira. Koma katundu amene boma linatula anagwera pamutu pa makolo, ndi pa mudzi woyandikana ndi koleji, wa Chikanda.

Pitani ku Chikanda madzulo. Kanjira kochokera kukoleji kamadzaza ndi anyamata ndi atsikana, zikwama kumsana, akutsetsereka m'magulumagulu, poti woyenda yekha usiku amalandidwa foni ndi laputopu. Nyumba zake n'zamidadada, zipinda zondandana khomo ndi khomo, bafa ndi chimbudzi kuseri. M'chipinda chimodzi muli mabedi awiri kapena atatu, ndowa ya madzi pakona, zovala zili pachingwe chodutsa pamwamba pa mabuku. Pakhonde mtsikana wa chaka chachitatu akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, dzanja linalo akuwerenga manotsi pafoni. Ndiwo ndi masoya, bonya kapena mpiru wa pamsika, ndipo mwezi ukafika pakati anthu amasonkherana ufa. Mnyamata wa chiwaya amadziwa amene ngongole yake yatuluka ndi amene akudya kamodzi patsiku, ndipo ali ndi kabuku kolembamo angongole ake, ena mwa iwo maloya a mawa. Magetsi akazima onse amakwera kukoleji kukasaka pochajira. Mkangano wa zandale umene kale unkanong'onedwa m'chipinda chokhoma lero umachitikira pabenchi ya wometa, mokuwa, wina akutchula pulezidenti dzina lake lenileni popanda wotembenuka.

Yunivesite ija ya makoleji ambiri inatha pang'onopang'ono. Bunda inachoka mu 2012 n'kukhala LUANAR. Pa 4 Meyi 2021 Poly inasanduka MUBAS, koleji ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsalira Chirunga yokha. Dzina la Chancellor College linafufutidwa pazikwangwani, ngakhale wakabaza aliyense pa depoti ya Zomba amafunsabe ngati mukupita ku Chanco. Nyumba zatsopano zamangidwa, makalasi akuluakulu awonjezeka, ndipo omaliza maphunziro achuluka moti mwambo wa madigiri umachitika magawo angapo.

Tsiku la mwambowo ndiye Zomba imadzaza. Maminibasi ahayala amafika m'bandakucha kuchokera ku Mzimba, ku Dedza, ku Chikwawa, atanyamula agogo, azakhali ndi akwaya a kutchalitchi. Makadi olowera mu Great Hall ndi ochepa, choncho ambiri amayala zitenje pakapinga, n'kumasula mapoto a mpunga ndi nkhuku, kudikira kuti mwana wawo atuluke ndi mkanjo wake amuveke nkhata ya maluwa apulasitiki. Ojambula zithunzi amakokerana makasitomala, ogulitsa mafulemu amayenda pakati pa anthu. Ku Chikanda nako alandilodi sakhala pansi tsiku limenelo. Chipinda chimene chatsala chopanda munthu amachipaka laimu, amakonza loko, ndipo mayaro akamadzafika mtengo wa lendi umakhala utakwera kale.